Anatipweteka Komwe Tinakafuna Thandizo: Tiyeni Tikatenge Zimene Analemba za Ife

Mawu amene tinayankhula kwa atsikana ndi amayi achichepere m'mphepete mwa nyanja ku Nkhotakota. Chenjezo: muli nkhani za nkhanza ndi matenda a maganizo. Werengani pamene mtima wanu uli m'malo.

Tikudziwa kuti ena mwalawirira kuchokera ku Dwangwa, ena ku Benga, ena pa Boma pompano. Ena mwasiya usipa pathandala, ena mwatseka saluni, ena mwachita kupempha kuntchito. Ndiye sitizungulira ayi, tingolowa m'nkhani.

Masiku ano kulikonse tikumva uthenga umodzi: "Usasunge zinthu mumtima. Pita ukaonane ndi phungu. Pita kuchipatala." Uthengawu ndi wabwino ndithu, ifenso timaulalikira. Koma pali anthu amene uthengawu umawadumpha. Tikunena aja anamvera, anapitadi, koma n'kubwerako atavulala kuposa mmene anapitira. Amenewo tikuwauza chiyani? Lero tabwerera iwowo, ndipo tikudziwa kuti ena mwa iwo ndi ife tomwe takhala pano.

Kuvulalaku kumabwera m'njira zosiyanasiyana. Wina anakafotokoza kuti mwamuna amamumenya, phungu n'kumufunsa kuti, "Nanga inu mumawalakwira chiyani abambowo?" Wina anaulula kuti anagwiriridwa, funso loyamba n'kukhala la siketi imene anavala. Wina ananena chinsinsi chake m'chipinda chotseka, patangotha sabata n'kuchimva pamjigo. Wina anapita ndi nkhawa yosagonetsa tulo, anabayidwa jakisoni osauzidwa dzina lake, n'kudzuka khosi litauma, lilime litalemera. Wina anamutengera kumapemphero, anamumanga zingwe, anamumana chakudya masiku angapo ati chiwanda chituluke. Wina, munthu yemwe ankamuthandizayo anayamba kumutumizira mameseji usiku, kenako dzanja linafika posafika.

Ngati chimodzi mwa izi chinakuchitikirani, vuto silinali inu. Mwamva? Munthu akamalowa m'chipinda cha phungu, cha dokotala kapena cha abusa, amalowa atafooka kale. Winayo ali ndi yunifomu, ali ndi cholembera, ali ndi ulemu umene mudzi wonse umamupatsa. Udindo wosamala malire ndi wa iyeyo. Zoti "ndikanakana", "ndikanatuluka", timazinena lero chifukwa lero tili ndi mphamvu zimene tsiku lija tinalibe.

Inde, uphungu wabwino nthawi zina umawawa, monga mmene kutsuka chilonda kumawawira. Koma wotsuka chilonda mwaluso amakuuza zimene akuchita, ukati "dikirani kaye" amadikira, ndipo masiku akamapita umaona kuti chikupola. Ukamatuluka nthawi zonse ukudziona wauve, ukuopa kufunsa funso, ukuuzidwa kuti zimene zachitika muno usauze munthu, pamenepo zasokonekera.

Chifukwa chiyani zimativuta kudandaula? Mbali ina ndi mbiri ya dziko lathu. Malo oyamba osungirako odwala maganizo m'dziko muno anatsegulidwa mu 1910 ku Zomba, ndipo anali mbali ya ndende. Chipatala cha Zomba Mental chinadzabwera mu 1953. Lamulo la Mental Treatment Act linalembedwa ndi atsamunda mu 1948, ndipo linatilamulira kwa zaka zoposa 70. Maganizo a nthawi imeneyo anali akuti wodwala mutu ndi munthu womusunga, womugwira, womupangira chiganizo. Maganizo amenewo sanathe m'mitu mwathu. Munthu akangotchedwa "wamisala", mawu ake amapepuka. Akadandaula amati matenda aja ayambanso. Akakhala mtsikana ndiye kaya, amawonjezera kuti ndi wamwano.

Koma madandaulo amenewa ndi enieni, ndipo boma lomwe likudziwa. Mu 2017 ofesi ya Ombudsman, nthawi imeneyo ikutsogoleredwa ndi mayi Martha Chizuma, inatulutsa lipoti lotchedwa Out of Sight, Out of Mind, lofotokoza mmene ufulu wa odwala maganizo unkaphwanyidwira m'zipatala za boma. Mu 2019 ofesi yomweyo inatulutsa lina, Woes of the Womb, lokhudza amayi amene anachotsedwa chiberekero chifukwa cha kusasamala m'zipatala. Malipoti amenewa anatheka chifukwa panali anthu amene anayankhula, ndipo panali ofufuza amene anapita kukafunsa mapepala. Apa ndiye pagona nkhani yathu ya lero: mapepala.

Tsiku limene munapita kukafuna thandizo, wina analemba. Analemba m'buku lanu la kuchipatala, lija ena amati helefi pasipoti. Analemba m'kaundula wa tsikulo. Ngati munagonekedwa, anatsegula fayilo. Ngati munatumizidwa ku Lilongwe, ku Mzuzu kapena ku Zomba, panali kalata yokutumizani. Zimene analembazo zikunena za thupi lanu ndi mutu wanu, ndipo muli ndi ufulu woziona.

Mwina wina afunsa kuti, "Aaa, ndiye ndikautsirenji zakale?" Pali zifukwa zitatu.

Choyamba ndi thupi lanu lenilenilo. Mankhwala a maganizo ali ndi mayina, ndipo dzina lililonse lili ndi khalidwe lake. Chlorpromazine ndi haloperidol amatha kuumitsa khosi, kunjenjemeretsa manja, kutulutsa dovu, kuimitsa msambo, ngakhale kutulutsa mkaka kwa mtsikana amene sakuyamwitsa. Kunyumba akaona zimenezi amati walodzedwa, kapena misala yakula, pomwe ndi zotsatira za mankhwala zimene dokotala angathe kuzichepetsa posintha mlingo kapena mtundu wake. Sodium valproate, amene amaperekedwa pa khunyu ndi matenda ena a maganizo, amatha kuvulaza mwana m'mimba. Carbamazepine amafooketsa mapiritsi olera ndi njira ija ya pamkono, komanso amalimbana ndi ma ARV ena, moti dokotala amayenera kudziwa kuti akonze mlingo. Ndiye taganizani mtsikana amene akufuna kutenga mimba, kapena amene sakuifuna mimbayo, koma sakudziwa dzina la mapiritsi amene akumwa. Akangonena kuti "toyera tating'ono", dokotala watsopano athandiza bwanji? Chonde apa timvetsane bwino: musasiye mankhwala panokha chifukwa cha zimene tanenazi. Kusiya mwadzidzidzi kumatha kubweza matenda mwamphamvu. Dziwani dzina, kenako mukakambirane ndi dokotala kapena namwino.

Chachiwiri ndi nkhani yanu. Ambiri amene anadutsa m'nyengo yovuta amakumbukira zidutswazidutswa. Ndinakhalako masiku angati? Anandipititsa ndani? Anati ndikudwala chiyani? Achibale aliyense amanena zake, ndipo ena amagwiritsa ntchito nkhaniyo pokutsekani pakamwa pa nkhani ya ana, ya munda kapena ya banja. Mukaona tsiku, dzina la matenda ndi siginecha ya amene anakuonani, mumakhala ndi poimira.

Chachitatu, mukadzafuna kudandaula, pepala lidzakuyankhulirani. Mwina lero simukufuna, ndipo palibe amene akukukakamizani. Koma akuluakulu anati mlandu suola. Tsiku limene mudzafune, mudzapeze umboni uli m'manja.

Tsopano lamulo likuti chiyani? Malamulo aakulu a dziko lino, gawo 19, amateteza ulemu wa munthu aliyense. Gawo 21 limateteza chinsinsi chanu. Gawo 37 limati muli ndi ufulu wopeza uthenga umene boma likusunga ngati mukuufuna kuti mugwiritse ntchito ufulu wanu. Pamwamba pa izi pali lamulo la Access to Information, limene linayamba kugwira ntchito pa 30 September 2020. Lamuloli limati mabungwe a boma, komanso mabungwe ena amene amalandira ndalama za boma kapena kugwira ntchito yotumikira anthu, akhale ndi munthu wolandira mapempho a uthenga, ndipo ayankhe pasanathe masiku 15 ogwira ntchito. Akakana, apereke zifukwa. Bungwe la Malawi Human Rights Commission ndi limene limayang'anira lamuloli. Palinso Data Protection Act ya 2024, imene imapatsa munthu ufulu wodziwa ndi kuona zimene bungwe likusunga zokhudza iye, ndipo nkhani za umoyo imaziika m'gulu lofunika kusamalidwa mwapadera. Woyang'anira lamulo limeneli ndi MACRA. Choncho kaya munathandizidwa kuchipatala cha boma, cha mishoni, cha pulayiveti kapena ku bungwe lina lililonse, kufunsa si mwano ayi. Safunsa anadya phula.

Nanga tiyambire pati? Yambani ndi zimene muli nazo kale. Fufuzani buku lanu la kuchipatala, ngakhale lakale long'ambika lija. Nthawi zambiri dzina la matenda ndi mankhwala zimakhala momwemo, kungoti zolemba za madokotala timazidziwa tonse, eti? Pitani nalo kwa namwino amene mumamukhulupirira akuwerengereni mzere ndi mzere, inu muzilemba m'kope mwanu m'Chichewa.

Tikudziwa kuti kuno kwathu mabuku ambiri anapita ndi madzi. Kumapeto kwa February 2024 madzi anasefukira ku Dwangwa ndi madera ozungulira, anthu anathawa ndi zovala za m'thupi zokha. Chaka chomwecho nyanja inakwera n'kulowa m'nyumba za m'mphepete muno. Ena buku linatsala kwa mwamuna amene munamuthawa, ena apongozi analibisa. Kutayika kwa buku sikutanthauza kuti mbiri yanu yatha. Kaundula ndi fayilo zimatsala kuchipatala.

Ndiye lembani kalata yachidule yopita kwa mkulu wa chipatalacho. Kuchipatala cha boma, ipite kwa mkulu wa zaumoyo m'boma, amene ambiri timangoti a DHO. Musafotokoze mbiri yonse ya moyo wanu. Lembani dzina lanu monga mmene linalembedwera nthawi imeneyo, chifukwa ena tinasintha mayina titakwatiwa. Lembani tsiku lobadwa, mudzi ndi mfumu yaikulu, kaya ndi Malengachanzi, Kanyenda, Mwadzama kapena kwina. Lembani mwezi ndi chaka chimene munathandizidwa, ndi wodi kapena chipinda chimene munalowa. Kenako chiganizo chimodzi basi: "Ndikupempha kope ya zonse zimene zinalembedwa zokhudza chithandizo changa, kuphatikizapo dzina la matenda ndi mankhwala amene ndinapatsidwa." Akakupatsani fomu, lembani fomuyo. Tengani chiphaso chanu cha unzika. Kalatayo ikhale iwiri, imodzi muwasiyire, inayo akudindireni ndi kulembapo tsiku, mubwerere nayo kunyumba. Chidindo chimenecho n'chimene chimayambitsa kuwerenga kwa masiku aja.

Dziwani kuti fayilo yeniyeniyo imatsala kuchipatala, inu mumapempha fotokope kapena lipoti lachidule lolembedwa ndi dokotala. Mwina angakuuzeni kuti mulipire fotokope, ndiye funsani risiti. Mwina angabise mbali imene ikunena za munthu wina, zimenezo n'zololedwa. Ngati munagonekedwa kutali, monga ku Zomba Mental kapena ku St John of God ku Mzuzu kapena ku Lilongwe, musayambe ndi kugulitsa mpunga kuti mupeze thiransipoti. Funsani kaye namwino woona za matenda a maganizo kuchipatala cha boma kuti akuthandizeni kulumikizana nawo.

Akakuuzani kuti fayilo inasowa, musakwiye n'kungochoka. Nenani mwaulemu kuti, "Chabwino, mundilembere zimenezo." Yankho lolemba loti fayilo yasowa nalonso ndi umboni. Masiku aja akadutsa popanda yankho, m'zipatala za boma muli ofesi ya Hospital Ombudsman yolandira madandaulo a odwala, yambirani pamenepo. Zikakanika, nkhani ipite ku Malawi Human Rights Commission kapena ku ofesi ya Ombudsman.

Nanga aja amene anavulazidwa kumene kulibe fayilo? Kumapemphero salemba. Kwa asing'anga salemba. Kwa ankhoswe ndi alangizi a banja salemba. Pamenepo wolemba ndinu. Gulani kope, lembani tsiku kapena nyengo imene zinachitika, malo, amene analipo, zimene ananena, zimene anakumwetsani, zimene anakuchitani. Sungani mameseji, musafufute. Ngati pali zipsera za zingwe, jambulani. Ndipo dziwani kuti kumanga munthu, kumumenya kapena kumugwira thupi popanda chilolezo ndi mlandu, ngakhale wochitayo atanyamula buku loyera kapena nsupa.

Tsopano mapepala aja afika m'manja. Apa tichenjezane, chifukwa kuwerenga kumatha kuwawa. Mutha kupeza mawu ozizira, munthu wamoyo ngati inu atafotokozedwa m'mizere itatu. Mutha kupeza kuti analemba zoti "sakugwirizana ndi chithandizo" pa tsiku limene inu munkangolira ndi mantha. Mutha kupeza kuti zimene ananena mwamuna wanu zinalembedwa ngati zoona, zanu osalembedwa n'komwe. Mutha kupezanso kuti chinthu chimene chinakupwetekani kwambiri mulibemo, chifukwa wolakwa sadzilembera mlandu. Kusalembedwa kwake sikufufuta zimene zinachitika. Fayilo ndi zimene munthu mmodzi anaona pa tsiku limodzi, atatopa, pamzere pali anthu ena makumi angapo. Inu ndinu wamkulu kuposa fayiloyo.

Choncho musawerenge nokha usiku. Sankhani masana, mutadya, pali mnzanu amene amadziwa kukhala chete. Werengani tsamba limodzi, mukaona kuti mtima wayamba kuthamanga, tsekani, tulukani panja, mukapitiriza mawa. Mukapeza cholakwika, monga dzina la mankhwala amene simunamwe, lembani kalata yopempha kuti akonze kapena aphatikizepo mawu anu. Mukatha, sungani mapepalawo m'jumbo pamalo okwera, ndipo ajambuleni pa foni. Koma ngati foni yanu imagwiridwa ndi abwenzi kapena abambo a kunyumba, tumizani zithunzizo kwa munthu mmodzi wodalirika, inu mufufute. Chinsinsi chimene tikumenyera kuchipatala tisachitaye tokha pa WhatsApp.

Mukaganiza zodandaula, khomo limadalira amene anakulakwirani. Akakhala dokotala kapena kiliniko ofesa, ndi ku Medical Council of Malawi. Akakhala namwino kapena mzamba, ndi ku Nurses and Midwives Council of Malawi. Akakhala phungu wa bungwe, lemberani akuluakulu a bungwelo, kope ina musunge. Ikakhala nkhani yogwiriridwa kapena kumenyedwa, ndi kupolisi, ku Victim Support Unit. Ngati zangochitika kumene, thamangirani kuchipatala pasanathe maola 72 kuti mukalandire PEP woteteza ku HIV ndi mankhwala oteteza mimba. Ngati mulibe ndalama ya loya, Legal Aid Bureau inakhazikitsidwira anthu ngati ife. Pa foni, 5600 ndi nambala yaulere ya nkhani za nkhanza, ndipo 116 ndi ya ana. Ngati maganizo ofuna kudzivulaza akubwera, musadikire mapepala ayi, uzani munthu lero lomwe ndipo pitani kuchipatala.

Funso lomaliza ndi lovuta: kodi tibwererenso kukafuna thandizo? Amene analumidwa ndi njoka amaopa ndi chingwe chomwe, ndipo mantha amenewo ndi omveka. Palibe amene akuyenera kukukankhani. Koma vuto lija linakupititsani koyamba mwina likadalipo, ndipo munthu mmodzi amene anakulakwirani asakulandeni chithandizo cha moyo wanu wonse. M'dziko muno muli anamwino ndi aphungu ambiri amene amagwira ntchito yawo ndi mtima wonse, ena m'zipinda zopanda ngakhale mpando wachiwiri. Mukadzakonzeka, mudzapite ndi mafunso anu. Munaphunzira kuti ntchito imeneyi? Zimene ndinene pano adzazimva ndani? Mukulemba chiyani, ndingaone? Mankhwalawa dzina lake ndi chiyani, ndipo andichita chiyani m'thupi? Ndingabwere ndi mnzanga? Mungathe kupempha kuti akuoneni wamkazi. Mungathe kunena kuti, "Ndinavulalapo kale m'chipinda ngati chino, ndiye tiyende pang'onopang'ono." Wodziwa ntchito yake sakhumudwa ndi mafunso amenewa. Amene akwiye nawo wakuyankhani kale, nyamukani. Ndipo kuli anzathu a MeHUCA, bungwe la anthu amene adutsa m'chithandizo cha matenda a maganizo pamodzi ndi owasamalira, amene amaikamba nkhaniyi ngati eni ake.

Kwa ife amene tili ndi mnzathu wotere, ntchito yathu ndi yosavuta kuitchula. Akatiuza kuti uphungu unamupweteka, tisamuyankhe kuti "mwina sunamvetse" kapena "anthu aja ndi ophunzira". Timufunse kuti chinachitika n'chiyani, ndipo timvetsere mpaka amalize. Akafuna kulemba kalata ija, timubwereke cholembera. Tsiku lokapereka, timuperekeze, tikakhale naye pabenchi, chifukwa pawindo anthu awiri sabwezedwa msanga ngati mmodzi. Mutu umodzi susenza denga.

Ndiye pochoka pano, aliyense akachite chinthu chimodzi sabata ino. Kafufuzeni buku lanu la kuchipatala, mukalitsegule, mukaone ngati mukudziwa dzina la mankhwala aliwonse amene alembedwamo. Limene simukulidziwa, kafunseni. Amene mukufuna kuti tikuthandizeni kulemba kalata, musachoke, mapepala ndi zolembera tabwera nazo, tikhala pansi pa mtengo apo mpaka womaliza atathandizidwa.